Nyumba ya ku Skipsea ija, dikirani kaye

Achimwene, nyumbayo musaigule, ngakhale mtengo wake ukukukopani. Gombe la Holderness ku England, komwe kuli mudzi wa Skipsea, ndi dongo lofewa, ndipo nyanja imalidya pafupifupi mamita 2 pachaka. Komatu sidya pang'onopang'ono ayi. M'nyengo yozizira mvula imalowerera m'dongomo, mafunde a namondwe n'kumakumba kunsi, kenako chigawo chonse chimangogumuka usiku umodzi.

Ine ndinapitako mu Ogasiti, mpanda wa munda wina uli chilili. Pobwererako mu Malichi ndinapeza mitengo yake ikulendewera pa waya m'malere, pansi pali mafunde okhaokha. Ndinachita kakasi.

Dziwaninso kuti a inshuwalansi kawirikawiri salipira nyumba yopita ndi nyanja motere. Ngati mtima ukadali pomwepo, onani mapu osonyeza kugumuka kwa gombe a Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo katswiri woyeza malo akaione kaye musanasaine chilichonse.