Funsani za Nyimbo: Womenya gitala akachoka, bandi imakhalabe yomweyo?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndi wamkulu ndithu, ndinapuma pa ntchito kalekale. Mu 1974 ndinali pa sukulu ku London ndiye anzanga a mkalasi anandikokera ku bala ina ku Islington, dzina lake Hope and Anchor, kuchipinda chapansi kotentha kodzaza utsi wa fodya, ati tikaonere bandi yotchedwa Dr. Feelgood. Nyimbo zawo sindinkadziwa olo imodzi koma ndinatuluka malaya atanyowa ndi thukuta. Woimba anali atavala suti, mayiki ataigwira ngati akufuna kuithyola, ndipo wa gitala anali mu zakuda zokhazokha, maso ali tong'o, akuthamanga uku ndi uku pa siteji osayang'anako zala zake. Pano mdzukulu wanga wandionetsa pa foni kuti bandiyi ikuimbabe, koma nkhope zonse ndi zachilendo. Kodi ndi yomwe ija kapena ena anangotola dzina? Nanga mnyamata wa gitala uja anathera kuti? Agogo a ku Area 47

YANKHO: Agogo, inu ndiye munaona zenizeni, ndipo munaziona pa nthawi yake, asanatulutse ngakhale chimbale choyamba. Anyamata amenewo anali ochokera ku Canvey Island ku Essex, kachilumba komwe mtsinje wa Thames umalowera m'nyanja, pafupi ndi mafakitale oyenga mafuta, ndipo anayamba mu 1971. Woimba wa suti uja ndi Lee Brilleaux, anabadwira ku Durban kuno kwathu kummwera kwa Africa makolo ake asanabwerere ku England. Wa besi anali John B. Sparks, pa ng'oma panali mkulu wina ankangomutchula kuti The Big Figure. Wa maso otong'oka uja ndi Wilko Johnson.

Chomwe chinakunyowetsani malaya chija chinali dzanja la Wilko. Iye sankagwiritsa ntchito kapulasitiki komenyera nsambo kaja, ankamenya Fender Telecaster yake ndi zala basi, kukhwapula nsambo zonse pamodzi kwinaku zala za dzanja linalo zikutola timawu ta lidi pakati pomwepo, ndiye ukatseka maso umaganiza kuti magitala alipo awiri pomwe ndi munthu mmodzi. Kamenyedwe kameneka anatengera kwa Mick Green wa gulu la The Pirates koma anakaonjezera ukali wake. Nthawi imeneyo mabandi akuluakulu a ku UK ankaimba nyimbo imodzi mpaka mphindi khumi ndi kuposa, magetsi amitundumitundu, ma kiyibodi mbwee, ndiye awa anabwera ndi nyimbo za mphindi zitatu, kumenya n'kusiya, anthu a m'mabala anapenga nazo. Chimbale chawo cha Stupidity, chomwe anachijambula pa mashoo anthu akukuwa, chinafika pa nambala 1 ku UK mu 1976. Ganizani, bandi ya m'bala, chimbale choti si cha mu situdiyo.

Koma mu 1977 akujambula chimbale china anakangana za nyimbo zoti zilowemo, ndipo Wilko ndi anzakewo anasiyana, iye ndi amene ankalemba nyimbo zambiri ndiye ambiri anati basi yatha. M'malo mwake munalowa Gypie Mayo mpaka 1981, kenako Johnny Guitar kwa kanthawi kochepa, kenako Gordon Russell kuyambira 1983, ndipo mu 1989 anabwera Steve Walwyn amene anakhala zaka zoposa 30 mpaka Gordon Russell anabwereranso mu 2021. Sparks ndi The Big Figure anachoka mu 1982. Lee Brilleaux yekha ndi amene anatsala wa poyambirira, anaimba mpaka khansa inamutenga mu April 1994 ali ndi zaka 41 zokha. Woimba amene mwamuona pa foniyo ayenera kukhala Robert Kane, wakhalapo kuyambira 1999.

Ndiye ayi agogo, sanabe dzina. Wa ng'oma Kevin Morris ndi wa besi Phil Mitchell analowa mu 1983, anayenda ndi Lee pa msewu zaka zambiri, dzinalo analilandira m'manja mwa mwini wake. Koma ndikuuzeni chilungamo changa, ija munaiona inuyo inatha mu 1977. Yomwe ilipo pano ndi bandi yabwino yoimba nyimbo zija mwaluso, ine ndimailemekeza kwambiri chifukwa kusunga bandi zaka zonsezi si masewera, koma mantha aja munamva Wilko akukulozerani gitala ngati mfuti simungawapezenso.

Za Wilko mwini wake, anakaimbako ndi Ian Dury mu The Blockheads kenako n'kumayenda ndi bandi yakeyake. Mu 2013 madokotala anamuuza kuti ali ndi khansa ya kapamba ndipo kwatsala miyezi, iye anakana mankhwala aja amphamvu n'kukonza mashoo otsanzikana ndi anthu, anajambulanso chimbale ndi Roger Daltrey wa The Who. Miyezi ija inadutsa munthu akumenyabe gitala, mu 2014 anamuchita opaleshoni yaikulu n'kuchotsa chotupacho ndipo anakhalanso zaka zina zisanu ndi zitatu. Anamwalira mu November 2022 ali ndi zaka 75. Mdzukulu wanuyo ngati anaonera Game of Thrones mumuuze kuti wodula anthu mitu wosalankhula uja, Ilyn Payne, ndi munthu yemwe agogo ake anamuona akumenya gitala, maso ndi omwe aja.

FUNSO: Achimwene ndithandizeni. Ndangolowa kumene bandi ina yomwe imaimba Lachisanu ndi Loweruka m'mabala a ku Kawale ndi Biwi, nthawi zina mpaka ku Area 25. Ndalowa m'malo mwa wa lidi gitala amene anakhalamo zaka zambiri ndipo anapita ku Joni. Vuto ndi loti ndikangoyamba solo anthu amakuwa dzina la mkulu uja, ena amabwera kutsogolo kudzandiuza kuti pamenepo samamenya chonchi. Bwana wa bandi akuti ndimvere ma vidiyo akale ndizimenya ndendende. Ndachita zimenezo koma ndikuona ngati zikuipiraipira. Ndisiye? Wa gitala wa ku Kawale 2

YANKHO: Mphwanga usasiye, ndipo werenga bwino yankho la agogo pamwambapa chifukwa nkhani yako ili mmenemo. Gypie Mayo analowa pamalo pa munthu amene anthu ankamutenga ngati bandiyo ndi iye, anthu ogula matikiti ankabwerera Wilko. Akanati aziyenda ngati Wilko, kutong'ola maso ngati Wilko, akanamuseka sabata imodzi yokha. Iye anabwera ndi kamenyedwe kake, kosalala pang'ono, kokhala ndi ma solo otalikirapo, ndipo mu 1979 nyimbo yomwe analemba ndi Nick Lowe, Milk and Alcohol, inalowa mu 10 zapamwamba ku UK, chinthu chomwe nyimbo imodzi payokha ya nthawi ya Wilko sinachitepo. Mpaka lero alipo okonda bandiyi amene amalumbira kuti zaka za Gypie ndi zomwe zinali zokoma, ndipo amakangana ndi okonda Wilko osagwirizana.

Kuno kwathu tinaziona. Evison Matafale atamwalira mu 2001 anthu ankati Ma Blacks athera pomwepo, Musamude Fumulani anatenga mayiki, nayenso anatisiya mu 2007, Anjiru n'kupitiriza, ndipo pita lero kumene akuimba kuno ku Lilongwe uone ngati upeza poponda. Alleluya Band ya ku Balaka inayamba mu 1978, munadutsa Paul Banda, munadutsa malemu Lucius Banda ndi ena ambiri, bandi ilipobe. Palibe mwa olowa m'malowo amene anapulumuka chifukwa chosanduka fotokope ya mnzake.

Koma bwana wakoyo sakulakwa zonse ayi. Nyimbo iliyonse ili ndi kamzere kaja kamene anthu amakaimba ndi pakamwa gitala isanayambe n'komwe, kamene kamadzutsa munthu pampando botolo lili m'manja. Kameneko ndi ka anthu, usakakhudze, kamenye mmene anakazolowerera mpaka kakhale m'zala osaganiza. Vuto lako ndi loti ukukopera ndi solo yonse, ndiye pamene mkulu uja ankakoka nsambo chifukwa choti wamva kukoma iwe ukukoka chifukwa ukukumbukira kuti pa vidiyo anakoka apa, umachedwa pang'ono pokha ndipo khutu la munthu wovina limamva msanga kuposa la woimba. Ndi chifukwa chake zikuipiraipira.

Khala pansi ndi bwanayo masana, osati usiku pa bala phokoso lili pakati. Mugwirizane kuti poyambira ndi timizere todziwika uzimenya ngati kale koma pakati pa solo akusiyire. Umupemphenso nyimbo imodzi kapena ziwiri zatsopano zoti mkulu uja sanaziimbepo, zoti anthu akazimva alibe wokuyerekeza naye, ndipo muziike chapakati pa shoo anthu atatenthedwa kale osati koyambirira. Pa ma prakatisi khala pafupi ndi wa besi ndi wa ng'oma, iwowo akakuzolowera ndi amene adzakuphimbe tsiku lomwe chala chaterera. Ndipo aja obwera kutsogolo kudzakuuza kuti samamenya chonchi usawakwiyire, afunse kuti ndi nyimbo iti ndipo ndi pati, nthawi zambiri amakhala akunena kamzere kamodzi komwe wakaphonya ndipo akhoza kukuimbira pomwepo.

Chomaliza, popeza wangolowa kumene, funsa lero lomwe kuti gitala ndi ampu ukugwiritsa ntchitozo ndi za ndani, nsambo ikaduka amagula ndani, ndipo pa shoo iliyonse gawo lako ndi zingati. Mabandi ambiri a m'tauni muno amataya omenya gitala chifukwa cha zimenezi osati chifukwa cha solo. Undilemberenso pakatha miyezi ingapo undiuze kumene mukuimba, ndikufuna ndidzakumve ndekha.