Funsani Azakhali: Makampani 14 a maloya andikana, ndikulakwitsa pati?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 21, kwathu ndi ku Chilomoni koma pano ndili ku Leicester, ndangomaliza chaka chachiwiri cha digiri ya malamulo. Mu January ndinakhala pansi sabata imodzi nkuapulaya vacation scheme, mwayi wokaphunzira ntchito pa holide, ku makampani a maloya 14, onse andikana, ena ngakhale kuyankha osayankha. Mamakisi anga si oipa, ndili pa 2:1, gulu lachiwiri kuchokera pamwamba. Anzanga a m'kalasi ena bambo awo ndi maloya, ine kwathu kulibe ngakhale mmodzi, mayi amagulitsa zitenje. Loweruka ndi Lamlungu ndimagwira shifiti ya usiku ku care home, kusamalira agogo 12 ndi kulemba ripoti ya zomwe zachitika usiku, koma izi sindinaike pa fomu chifukwa ndimaona ngati andiseka. Komanso viza yanga ndi ya sukulu. Ndisiye basi ndiyang'ane zina?

Wokhumudwa, Leicester

Mwana wanga,

Usasiye ayi. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo chomwe ndaonamo si mutu woperewera, ndi zinthu ziwiri zoti zikhoza kukonzeka chisanafike chilimwe china, nthawi yomwe unaapulaya ndi zomwe unabisa.

Tiyambe ndi nthawi chifukwa apa ndi pomwe ana athu ambiri amagwera, palibe amawauza. Makampani akuluakulu a ku London ngati Clifford Chance, Linklaters, Freshfields, Slaughter and May kapena A&O Shearman amalemba anthu zaka ziwiri asanayambe ntchito, ndiye amatsekula mafomu cha m'ma September ndi October, kutseka cha m'ma December kapena January, ndipo ambiri sadikira tsiku lotseka kuti ayambe kuwerenga, fomu ikangofika amaiona pompo, malo nkumadzaza pang'onopang'ono. Iwe pomwe unkatumiza mu January anzako ena anali ataitanidwa kale ku intavyu Khrisimasi isanafike. Vacation scheme imeneyi ndi ya sabata imodzi kapena ziwiri basi koma usaipepulitse, ndi khomo lenileni, makampani ambiri anthu owapatsa training contract, ntchito yophunzirira uloya, amawatenga mwa omwewo anabwera pa holide. Training contract yo ndi zaka ziwiri, kawirikawiri umasinthidwa madipatimenti anayi, miyezi 6 paliponse. Ndipo kukhala m'chaka chomaliza sikukutsekera, mafomu ambiri amalandira a chaka chomaliza ngakhale omwe anamaliza kale.

Tsono mafomu 14 pa sabata imodzi? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikudziwa momwe unachitira ngakhale sunandiuze, unalemba yankho limodzi nkumangosintha dzina la kampani. Ndinakhalapo pa tebulo la kukhitchini ndi mdzukulu wanga wina, tiyi atazizira, tikuwerenga fomu yomwe anali atatumiza kale dzulo lake, tinafika pa ndime yachitatu nkupeza dzina la kampani ina lili phee pamenepo, anaiwala kusintha. Mwana analira, ine ndinangoti pukuta misozi tsekula fomu ina. Anthu owerenga mafomuwa amawerenga mazanamazana, yankho loti likhoza kupita ku kampani iliyonse amalidziwa pa mzere woyamba. Sankha 6 kapena 7, iliyonse uipatse masiku ake. Pita pa mawebusaiti a Chambers Student, Legal Cheek ndi LawCareers.Net ukaone kuti kampaniyo ndalama zake imazipeza pa ntchito yanji, makasitomala ake ndi ndani, ili ndi maofesi kuti. Ukayankha funso loti chifukwa chani wasankha ife, tchula ntchito imodzi yomwe anagwira ndipo unene chomwe chinakukoka pa ntchito imeneyo, osati zoti ndinu kampani yotchuka padziko lonse, zimenezo akuzidziwa kale eni ake. Komanso usamangoyang'ana London, ku Birmingham, Nottingham, Leeds ndi Manchester kuli makampani abwino ndipo ena ali pafupi ndi pomwe ukukhala.

Koma chomwe chandipweteka mtima kwambiri ndi cha care home chija. Mbewa ya manyazi inafera kuuna mwana wanga. Mafomuwa amafunsa kuti tiuze nthawi yomwe unagwira ntchito pa mpanipani, nthawi yomwe unakumana ndi munthu wovuta, nthawi yomwe unalakwitsa nkukonza, ndiye iwe uli ndi agogo 12 m'manja mwako usiku wonse, ukulemba ripoti yoti nesi wa m'mawa aidalire, Lolemba uli m'kalasi nkumakhozabe 2:1, kenako ukasiya zonsezo nkulemba zoti unapita ku msonkhano wa kalabu ya ophunzira malamulo kukamvera? Ntchito ya trainee, loya wophunzira ntchito, ndi yomweyo, kusamala tinthu ting'onoting'ono, kusunga chinsinsi cha munthu, kulemba zomveka utatopa, kudziwa nthawi yoti apa ndikaitane wamkulu. Ungoilemba bwino basi. Osati "ndimagwira ntchito molimbika komanso ndimagwirizana ndi anzanga", zimenezo aliyense amalemba. Tenga usiku umodzi weniweni, unene kuti inali nthawi yanji, chinachitika nchani, iwe unaona chani chomwe ena sanaone, unauza ndani, zinatha bwanji. Dzina la gogoyo kapena la malowo usatchule, kusatchulako nakonso kumaonetsa kuti chinsinsi umachidziwa. Ndipo maola omwe umagwira pa sabata uwalembe, makampani ambiri amagwiritsa ntchito dongosolo la Rare loona komwe munthu wachokera ndi zomwe ankasenza pophunzira, sangazione ngati iwe wabisa.

China chomwe amakonda ndi chomwe amati commercial awareness, anthu amachiopa ngati mfiti koma tanthauzo lake nkungomvetsa momwe makasitomala amapezera ndi kutayira ndalama. Apa iwe uli ndi pogwira kuposa momwe ukuganizira. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mayi ako amene amaoda zitenje akudziwa bwino zomwe zinachitika pa mtengo wa katundu sabata yomweyo. Tsono dzifunse, kampani yomwe inabwereka madola koma imagulitsa mu kwacha inaona zotani, mu kontirakiti ndani amasenza chiopsezo chimenecho, loya akanalemba mawu otani kuti kasitomala asamire. Kapena tenga Kasiya ku Lilongwe komwe kampani ya Sovereign Metals ikufuna kukumba miyala ya rutile ndi graphite, kampani ya migodi ya Rio Tinto inagulako masheya a Sovereign mu 2023, ndipo Sovereign yo masheya ake amagulitsidwanso pa msika wa AIM ku London konko. Kapena Zambia yomwe inalephera kubweza ngongole mu November 2020 nkukhala zaka ikukambirana ndi angongole. Zonsezi kumbuyo kwake kuli maloya a mabanki, a migodi, a boma. Ukalowa mu intavyu nkufotokoza nkhani imodzi ngati imeneyi mpaka pansi, partner, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, amadzuka pampando, chifukwa tsiku lonse wakhala akumva ana akubwereza mutu womwewo wa mu nyuzipepala ya Financial Times. Koma usakakamize, kampani yomwe ilibe ntchito za ku Africa uipezere nkhani ya makasitomala ake.

Pali mayeso a pa intaneti omwe mwina ndi omwe anakugwetsa fomu yako munthu asanaione nkomwe. Otchuka ndi Watson Glaser, mafunso 40 pa mphindi pafupifupi 30, amakupatsa kandime nkufunsa ngati mfundo ina ikutuluka m'menemo kapena ayi. Msampha wake ndi woti uyenera kuiwala zomwe ukudziwa, uyankhe potengera zomwe zalembedwa zokha. Anthu anzeru amagwa chifukwa chobweretsa nzeru zawo. Yeserera kangapo ndi wotchi pambali, ndipo chonde usawalembe m'mawa wochokera ku shifiti.

Za kusowa wachibale loya, inde zimawawa, sindikunamiza. Koma kuli mabungwe omwe anakhazikitsidwira anthu ngati iwe, Aspiring Solicitors, SEO London, Black Solicitors Network, amakupezera loya wokulangiza, amakuonera fomu, amakulowetsa ku ma open day, masiku omwe makampani amalandira ophunzira kukaona ntchito. Lembetsa mwezi uno osadikira October. Law clinic ya pa yunivesite kapena Citizens Advice, komwe amapereka uphungu kwa anthu mwaulere, upiteko ukathandize ngakhale masana amodzi pa sabata. Careers service, ofesi ya pa yunivesite yolangiza za ntchito, munalipira kale mu fizi, safunsa anadya phula.

Viza. Pa nthawi ya sukulu malire ako ndi maola 20 pa sabata, uwawerenge bwino pamodzi ndi a care home, pa holide mpomwe umaloledwa kugwira tsiku lonse. Ukamaliza kuli Graduate visa yomwe inayamba mu 2021 ili ya zaka ziwiri, koma mu 2025 boma la Britain linalengeza zoitsitsa kufika miyezi 18, ndiye training contract yonse singakwane m'menemo, ufunika kampani yoti ikuimire pa Skilled Worker visa. Pa gov.uk pali mndandanda wa makampani omwe ali ndi chilolezo chimenecho, uone kaye usanataye masiku atatu pa fomu, ndipo ukakayika tumiza imelo ku graduate recruitment, ofesi ya kampaniyo yolemba ntchito omaliza sukulu, ufunse poyera, si funso lochititsa manyazi. Undilembere mu November undiuze makampani omwe wasankha.

Azakhali

Azakhali,

Mwana wanga wamwamuna ali ku Sheffield, wachita economics, pano akuti akufuna kukhala loya. Ine ndalama yoti ayambirenso digiri ina ndilibe, ndagulitsa kale puloti. Zimatheka kapena akungondizunguza mutu?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene,

Mtima pansi, sakukunamizani. Ku England kuti munthu akhale loya wa mtundu wa solicitor safunika digiri ya malamulo, digiri iliyonse imaloledwa. Kuyambira 2021 bungwe la SRA loyang'anira ma solicitor linabweretsa mayeso a uloya a SQE, gawo loyamba ndi mapepala awiri omwe poyambapo anali a mafunso 180 lililonse, gawo lachiwiri amayesa ntchito yeniyeni monga kufunsa kasitomala, kulemba makalata ndi kuyankhula ngati uli m'khoti. Pamwamba pake pamafunika zaka ziwiri za ntchito ya malamulo zomwe akhoza kuzisonkhanitsa m'malo osapitirira anayi, ngakhale atayamba ngati paralegal, wothandizira maloya. Makampani akuluakulu amawafuna ndithu ana a maphunziro ena, ndipo akampatsa training contract amamulipirira kosi ya chaka chimodzi yosinthira ku malamulo, fizi ya SQE, ndi kandalama kodyera. Ndiye mumuuze kuti asayambe wapempha inu ndalama ya kosi, ayambe waapulaya, njira yake ndi yomweyo ndamufotokozera mtsikana wa ku Leicester pamwambapa. Mayesowo ndi ovuta ndipo ndi okwera mtengo munthu akamadzilipirira yekha, si zoyesera mwayi.

Chimodzi chokha mukambirane muli awiri. Ngati maganizo ake ndi odzabwerera kumudzi kukaima m'makhoti a ku Blantyre kapena Lilongwe, pepala la ku England silimulowetsa lokha, kuno kuli malamulo akeake ndi sukulu ya maloya ya Malawi Institute of Legal Education (MILE), ndipo za digiri amaziyang'ana mosiyana ndi kunjako. Alembere ku MILE ndi ku Malawi Law Society afunse zomwe adzafune kwa munthu wa digiri ya economics, yankho alisunge asanasayine chilichonse.

Azakhali