Mwana wanga akufuna kuimba mu quartet, kodi ntchito imeneyi ingamudyetse?

Mayi ena okhala ku Johannesburg anditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wazaka 15 amaimba vayolini, wafika Grade 6 ya ABRSM (bungwe la ku Britain loyesa mayeso a nyimbo), ndiye akuti za orchestra yaikulu sakuzifuna, mtima wake uli pa string quartet basi, kagulu ka anthu anayi oimba zida za zingwe. Akufunsa kuti maphunziro ake amayenda bwanji, nanga ndalama zilimo?

Mayi, ndiyambe ndi za sukulu poti ndizo zosavuta kufotokoza. Akamaliza Grade 8, yomwe ndi yomaliza, amapita ku koleji ya nyimbo zaka zinayi, ambiri amawonjezera masters. Makolejiwa sayang'ana kwambiri mapepala, amafuna aimbe pamaso pa aphunzitsi amve okha. Curtis Institute ku Philadelphia salipiritsa fizi kuyambira 1928 koma ophunzira onse pasukulupo safika 200, ndiye mutha kuona mpikisano wake. Ku London kuli Royal Academy of Music ndi Royal College of Music.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi, koleji imatulutsa munthu odziwa chida chake, siitulutsa quartet. Quartet ndi anthu anayi, mavayolini awiri, viola (yokulirapo kuposa vayolini) ndi cello (yaikulu, yoimba utakhala pansi), palibe kondakitala oti awauze poyambira kapena liwiro, amangoyang'anana ndi kumvera kapumidwe ka mnzawo, ndipo kuti mawu a zida zinayi agwirizane bwinobwino pamafunika zaka akuyeserera limodzi pafupifupi tsiku lililonse, kukangana za kachigawo kamodzi ka nyimbo ya Beethoven mpaka madzulo, mawa nkubweranso. Luso la mwana wanu palokha silikwanira, ayenera kupeza anzake atatu oti apirirane nawo.

Ine nkhani ya Amadeus Quartet imandikhudza kwambiri. Atatu mwa iwo, Norbert Brainin, Siegmund Nissel ndi Peter Schidlof, anali Ayuda othawa ku Vienna, atafika ku Britain boma linawatsekera m'makampu nthawi ya nkhondo poti amachokera dziko la adani. Atatuluka anapezana ndi Martin Lovett wa cello. Schidlof anali wa vayolini koma anavomera kusintha nkutenga viola kuti gulu likwane. Anaimba konsati yawo yoyamba ndi dzina la Amadeus ku Wigmore Hall ku London mu 1948, ndipo anakhala anthu anayi omwewo zaka 40 osasintha ngakhale mmodzi. Schidlof atamwalira mu 1987 anzakewo sanafune kusaka wina, gulu linathera pomwepo.

Za ndalama sindikunamizani. Malipiro a konsati amagawana anayi, ejenti atengepo yake, hotela, matikiti a ndege, ndipo cello imagulilidwa mpando wakewake mundegemo. Magulu achinyamata amadalira kupambana mipikisano ngati wa ku Banff ku Canada umene umachitika zaka zitatu zilizonse, chifukwa opambana amapezerapo makonsati ambiri. Chimene chimawasunga ambiri ndi uphunzitsi. Ngakhale Emerson Quartet, otchuka dziko lonse mpaka pamene anasiya mu 2023, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Stony Brook ku America. Ndiye inde ingamudyetse, koma adzakhala akuphunzitsa ana, kulowa mu orchestra mwa apo ndi apo, nthawi zina kuimba pa maukwati. Oimba quartet yokhayokha ndi ochepa zedi.

Poti muli ku South Africa komweko simuli kutali ndi zinthu. Ku Stellenbosch kumachitika International Chamber Music Festival pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 2004 ndipo amalandira ophunzira kuti aimbe limodzi ndi akatswiri ochokera kunja. Ku Soweto kuli Buskaid, sukulu yophunzitsa ana zida za zingwe, mupite naye akaonere anzake akuimba. Panopa mufunseni mphunzitsi wake amupezere anzake atatu ayambe ndi ma quartet oyambirira a Haydn, ndipo ayeseko viola, oimba viola amasowa ndiye amene akuidziwa sachedwa kuitanidwa m'gulu.