Dzanja la bambo likunjenjemera: ndi Parkinson kodi, nanga kalongonda angathandize?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mchinji amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti bambo awo, a zaka 68, mphunzitsi wopuma, dzanja lamanja limanjenjemera akangokhala pansi, ndipo zatha zaka ziwiri zili choncho. Zilembo zawo zayamba kuchepa, moti kubanki anawabweza chifukwa siginecha sinafanane ndi yakale. Pachipatala chaching'ono anawapatsa benzhexol. Achibale ena akuti ndi kachasu wa paunyamata, ena akuti pali dzanja la munthu. Mayiwa akufunsa ngati amenewa ndi matenda a Parkinson, komanso ngati uthenga umene ukuyenda pa WhatsApp woti kalongonda amachiza matendawa uli woona.

Achemwali, zikomo polemba. Dzina la matenda adzalitchula ndi dokotala amene wawaona bambo akuyenda ndi kuwagwira mkono, koma zimene mwafotokozazi zikuloza komweko.

Choyamba, funsani amene akukhala nawo kuti dzanjalo limanjenjemera nthawi iti. Pa Parkinson limavuta likakhala chete pamwendo. Chala chachikulu chimakhuzana ndi chamkombaphala ngati munthu akufikisa mtedza wokazinga, ndipo akatambasula kuti atenge kapu, kunjenjemerako kumachepa. Kawirikawiri kumayamba mbali imodzi ya thupi. Pali kunjenjemera kwina kofala kwambiri, kumene madokotala amati essential tremor, ndipo khalidwe lake ndi losiyana: manja amakhala bwino akapuma, koma tiyi amatayika ponyamula kapu. Kumeneku kumagwira manja onse awiri, nthawi zina mutu ndi mawu, ndipo kumakonda kuyenda m'banja. Mankhwala ake ndi ena, monga propranolol. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira, salbutamol wa mphumu, ndi mowa ukamatha m'thupi m'mamawa, zonsezi zimanjenjemeretsanso.

Ndiye pali mankhwala amene amabweretsa zizindikiro zonga za Parkinson zenizeni: haloperidol ndi chlorpromazine a matenda a maganizo, komanso metoclopramide woletsa kusanza. N'chifukwa chake popita kuchipatala atenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, ngakhale ogula pagolosale, awaike m'jumbo imodzi.

Koma chimene chandigwira mtima m'kalata yanu si dzanjalo ayi, ndi zilembo zija. Anthu timathamangira kunjenjemera chifukwa n'kumene kumaoneka, pomwe phata la matendawa ndi kuchedwa ndi kuuma kwa thupi. Alipo odwala Parkinson amene sanjenjemera n'komwe. Munthu amatenga nthawi yaitali kumanga mabatani a shati. Poyenda mkono umodzi sugwedezeka, mapazi amakhwekhwereza, mawu amatsika, kutembenuka pabedi kumakhala ntchito. Nkhope nayo imauma. Malume anga, amene anatisiya, anadwala matenda omwewa, ndipo kwa chaka chathunthu ife ana tinkawazemba poganiza kuti atikwiyira. Tsiku lina ndikuwametera ndevu pakhonde anandiuza chapansipansi kuti, "Iwe, ndikuseka, koma nkhopeyi ikukana." Mpaka lero zimandiwawa. Muwauze adzukulu msanga kuti agogo sanakwiye.

Zizindikiro zina zimabwera zaka zambiri dzanja lisanayambe: kusamva fungo, kudzimbidwa, kukuwa kapena kuponya zibakera kutulo, ndi kukhumudwa kosatha. Zimenezi akamuuze dokotala, chifukwa palibe kuyeza magazi kumene kumatsimikiza Parkinson. Dokotala amadalira mbiri ndi zimene akuona.

Za dzanja la munthu zija, achibale muwayankhe modekha. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, kamene maselo ake amapanga dopamine, mankhwala achibadwa othandiza thupi kuyamba kuyenda ndi kuyenda mosadodoma. Maselowa akamafa pang'onopang'ono, dopamine amachepa. Dokotala wa ku London, James Parkinson, anafotokoza matendawa mu 1817 ataona amuna asanu ndi mmodzi, ena mwa iwo anangowaona mumsewu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni padziko lonse anali nawo. Katswiri wankhonya Muhammad Ali anamupeza nawo mu 1984, anayatsa muuni wa Olimpiki ku Atlanta mu 1996 dzanja likunjenjemera dziko lonse likuona, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2016. Matendawa si opatsirana, ndipo mwa anthu ambiri sachokera kumtundu. Ukalamba ndiwo umawonjezera chiopsezo kwambiri, ndipo mankhwala ena a m'munda monga paraquat nawonso akhala akutchulidwa pa kafukufuku.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma othandiza alipo, ndipo amathandizadi. Mwini wake ndi levodopa, amene ubongo umamusandutsa dopamine. Amabwera wophatikiza ndi carbidopa, amene amaletsa kuti levodopa asawonongeke asanafike ku ubongo ndiponso amachepetsa nseru. Benzhexol amene bambo anapatsidwa amachepetsa kunjenjemera, koma pa kuchedwa kuja sachita zambiri, ndipo kwa munthu wa zaka 68 ine ndimamuopa. Amaumitsa kukamwa, amawonjezera kudzimbidwa, amatsekereza mkodzo makamaka mwa abambo achikulire, ndipo amatha kusokoneza mutu mpaka munthu kumaona zinthu zomwe palibe. Asasiye okha mwadzidzidzi, koma apemphe kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu, kwa inu ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akaunikidwe bwino.

Akayamba levodopa, nkhani yaikulu ndi wotchi. Mankhwalawa sakhalitsa m'thupi, choncho amamwedwa kangapo pa tsiku pa nthawi zoikika. Nyama, mazira, nyemba ndi mkaka zimalimbirana naye njira m'matumbo, ndiye ambiri zimawayendera akamwa theka la ola asanadye. Sindikuti asiye ndiwo ayi, angosiyanitsa nthawi. Ndipo asadukize. Kusiya levodopa mwadzidzidzi kungaumitse thupi ndi kutenthetsa koopsa. Apa ndi pamene inu muli kutali mungathandize kwambiri: onetsetsani kuti mankhwala a mwezi wamawa alipo a mwezi uno asanathe. Pakapita zaka mphamvu yake imayamba kutha msanga nthawi yomwanso isanakwane, ena thupi limayamba kudzipotokola lokha. Zikatero dokotala amasintha kamwedwe, si chizindikiro choti mankhwala akana.

Tsopano kalongonda. Uthengawo uli ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake ndi woopsa. Kalongonda ndi m'bale wake wa chitedze, onse dzina lawo la sayansi ndi Mucuna pruriens, ndipo njere zake zilidi ndi levodopa. N'chifukwa chake agogo athu ankamuphika tsiku lonse akutaya madzi, podziwa kuti wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Ndiye taonani vuto lake: wophikidwa bwino uja levodopa wambiri wapita ndi madzi, pomwe wosaphikidwa mokwanira palibe akudziwa kuti supuni imodzi muli mphamvu yochuluka bwanji, ndipo carbidopa mulibe. Ofufuza anayesapo ufa wa njerezi pofuna kuthandiza odwala a m'mayiko amene mapiritsi ndi odula, koma ufawo unali woyezedwa, madokotala akuyang'anira. Ngakhale pamenepo sachiza, amangogwira ntchito ya levodopa yomweyo. Kuwapatsa bambo kalongonda pamwamba pa mapiritsi ine ndikuti ayi.

Chimene ndingalimbikitse ndi kuyenda. Chikondi chathu chimatipangitsa kumukhazika wodwala pampando n'kumamuchitira zonse, ndipo thupi limaumiratu. Ayende tsiku lililonse, alambule pakhomo ngati akutha, aziwerenga nyuzi mokweza kuti mawu asazimirire, ndipo akafunse a physiotherapy, aja ochititsa mafizo kuchipatala. Mapazi akamata pansi, makamaka pakhomo lolowera kapena potembenuka, musawakoke mkono, mudzawagwetsa. Aime kaye, awerenge "wani, thu, wani, thu", kapena wina aike phazi patsogolo pawo kuti alidumphe. Malume ankamasuka tikayamba kuwomba m'manja ngati kukwaya. Mphasa zichoke m'njira, mapatapata asinthane ndi nsapato zogwira chidendene, ndipo m'chimbudzi chokumba mukhomeremo mtengo wogwirira, chifukwa kunyonyomala n'kudzuka ndi pamene ambiri amagwera. Podzuka pabedi ayambe akhala kaye pang'ono, popeza BP imatha kutsika akaimirira mofulumira. Madzi okwanira, masamba ndi papaya zimathandiza kudzimbidwa. Akayamba kutsamwa pomwa madzi kapena kuona zinthu usiku, asadikire tsiku lobwereza.

Asanapite ku Lilongwe, amene akukhala nawo awajambule pafoni kavidiyo kawiri: kena atakhala manja ali pamiyendo akucheza, kena akuyenda kuchoka pakhonde kukafika kunkhokwe n'kubwerera. Pamaso pa dokotala dzanja limatha kukhala phee ngati silinalakwepo. Atengenso kope lakale la maphunziro amene ankalemba ali mphunzitsi pamodzi ndi pepala lolemba lero. Akapeza kalata ya dokotala, apite nayo kubanki kuja akakambirane zosintha siginecha.