Ndege ya kampani: mukangolandirapo ndalama, lamulo lasintha

Bambo wina wa bizinesi kuno ku Zomba wandilembera imelo. Iye ndi anzake awiri ali ndi malo ogona alendo kunyanja, ndipo atopa ndi maulendo ataliatali a pamsewu. Apeza ndege ya mtundu wa Cessna yogwirapo kale ntchito ku South Africa, akufuna kuigula m'dzina la kampani yawo. Akufunsa ngati angaisiye pa nambala yake ya konko kuti asalipire msonkho kuno, ngati angamanyamule alendo olipira masiku amene iwo sakuyenda, komanso ngati ndalama zoisamalira zingawachepetsere msonkho wa kampani.

Bambo, ndiyambira pa alendo olipirawo, chifukwa apa ndi pamene moyo wa anthu uli. Ndege imene mumayendera inu eni ake, pa ntchito zanu, malamulo amaiona ngati yapayekha. Tsiku limene mlendo wapereka ndalama kuti akwere, ndegeyo yalowa m'gulu la zamalonda, ndipo pamafunika chiphaso chotchedwa Air Operator Certificate, chomwe anthu a ntchitoyi amangoti AOC. Kuno chimaperekedwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2017. Kunyamula olipira opanda chiphasochi n'chimodzimodzi kuchita matola pa galimoto yapanyumba, kungoti mumlengalenga mulibe poima zinthu zikavuta. Musaganizenso kuti mukabisa mtengo wa ndege mkati mwa mtengo wa chipinda ndiye kuti mwazemba. Mlendo walipirabe ulendowo, ndipo wofufuza aliyense adzaona choncho.

AOC si pepala loti mwapita m'mawa mwabwera nalo masana. Amafuna kuona buku la kayendetsedwe ka ntchito yanu, munthu woyang'anira chitetezo, mgwirizano ndi malo ovomerezeka okonzera ndege, ndiponso oyendetsa okhala ndi laisensi ya zamalonda, osati ya munthu wongoyendetsa ndege yake. Wina anganene kuti izi n'zongovutitsa, koma kumbukirani za wosewera mpira Emiliano Sala, amene anafa mu Januwale 2019 ndege yaing'ono ya Piper Malibu itagwera m'nyanja pakati pa France ndi England. Woyendetsayo analibe laisensi yonyamulira anthu olipira, ndipo amene anakonza ulendowo khoti linamupeza wolakwa mu 2021 n'kumutsekera m'ndende. Palinso nkhani ya inshuwaransi. Ngati munailembetsa kuti ndegeyo ndi yoyendera inu nokha, kenako ngozi n'kuchitika muli mlendo wolipira, kampani ya inshuwaransi ili ndi chifukwa chokanira kulipira, ndipo abale a ovulalawo adzalunjika pa malo anu ogona alendo aja.

Njira imene eni ndege ambiri amatsata ndiyo kuipereka kwa kampani yomwe ili kale ndi AOC. Iwo amaiyendetsa, amaisamalira, amaibwereketsa, inu n'kumalandira gawo lanu. Mgwirizanowo ulembedwe ndi loya, ndipo unene mosabisa amene ali ndi mphamvu yoletsa ulendo nyengo ikaipa. Mphamvu imeneyo isakhale ya mwini ndege amene akuthamangira msonkhano.

Tsopano za nambala. Pangano la ku Chicago la mu 1944, lomwe linabala bungwe la ICAO loona za maulendo a ndege padziko lonse, limati ndege siingalembedwe m'kaundula wa mayiko awiri nthawi imodzi. Za kuno zimayamba ndi 7Q, za ku South Africa zambiri ndi ZS, za ku America ndi N. Dziko limene ndege yalembedwa ndilo limayang'anira kakonzedwe kake ndi malaisensi a oiyendetsa. Mukaisiya pa ZS, mudzakhala mukutsata malamulo a konko pamene ndege ikugona ku Chileka, ndipo kuti muzinyamula anthu olipira kuchoka ku Lilongwe kupita ku Likoma mudzafunika chilolezo chapadera, chifukwa pangano lomwelo limapatsa dziko lililonse ufulu wokaniza ndege zakunja malonda a mkati mwake. Kumbali ya msonkho, nambalayo sikukutetezani. N'zoona kuti ndege yongobwera kudzacheza imaloledwa kulowa kwakanthawi osalipira msonkho wapachipata, koma ya Amalawi, yokhazikika kuno chaka chonse, a MRA adzaiona ngati katundu wolowetsedwa m'dziko. Musanatumize ndalama iliyonse, alembereni kalata, mutchule mtundu wa ndegeyo ndi ntchito yake, ndipo akuyankheni polemba za msonkho wapachipata ndi VAT. Yankho la pakamwa silidzakuthandizani tsiku la mlandu.

Musanagule, fufuzaninso ngati ndegeyo ilibe ngongole. Ndege zambiri zimagulidwa ndi ndalama za banki, ndipo pansi pa pangano la ku Cape Town la mu 2001 obwereketsa amalembetsa chikole chawo m'kaundula wa padziko lonse amene ali ku Dublin. Kaundulayu amakhudza ndege zokulirapo monga Cessna Caravan. Ikakhala yaing'ono ngati Cessna 206, loya wanu afufuze m'dziko limene ikuchokera. Mabuku a injini ndi a thupi la ndege muwaone ndi injiniya wanu, osati wa wogulitsa. Tsamba limodzi likasowa, mtengo wa ndegeyo watsika kale.

Funso la kuchepetsa msonkho yankho lake ndi inde, koma pang'ono kusiyana ndi mmene mukuyembekezera. Lamulo limalola kuchotsa ndalama zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito pa bizinesi yeniyeniyo. Mtengo wogulira ndege suchotsedwa wonse chaka chimodzi, umachotsedwa pang'onopang'ono. Ulendo wokaona malo anu kunyanja ndi wa kampani. Ulendo wa mayi ndi ana kupita kuukwati ku Mzuzu si wa kampani, ndipo ukalipiridwa ndi kampani umagwa m'gulu la zokoma zimene bwana walandira pamwamba pa malipiro, zomwe zili ndi msonkho wakewake wolipiridwa ndi kampaniyo. Choncho ulendo uliwonse uzilembedwa: tsiku, okwera, kopita, chifukwa. Poti muli atatu, bukuli lidzakutetezaninso ku mikangano, chifukwa mnzanu mmodzi adzayendera ndegeyo kuposa enanu, sizilephera. Mukasankha kuibwereka kwa kampani yakunja m'malo mogula, dziwani kuti ndalama zolipira anthu akunja zimadulidwa msonkho zisanatuluke, ndipo obwereketsa ambiri amalemba kuti msonkhowo ndi wanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si MRA ayi, ndi dola. Zipangizo, inshuwaransi, maphunziro a oyendetsa, zonsezi mitengo yake ili mu ndalama zakunja, pamene inu mumapeza zambiri mu kwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Injini ya Caravan imayenera kumasulidwa yonse ikakwanitsa maola pafupifupi 3,600, ndipo banki ikachedwa kukupezerani madola ndegeyo imangokhala pansi, malipiro a woyendetsa ndi a malo osungira akuyendabe. Ngakhale boma linaona kulemera kwake: ndege ya mtsogoleri wa dziko ya mtundu wa Falcon 900EX imene inagulidwa mu 2009 pa nthawi ya Bingu wa Mutharika inagulitsidwa mu 2013 mu ulamuliro wa Joyce Banda.

Ganiziraninso kumene mukukhala. Bwalo la ndege la kuno ku Zomba lili m'manja mwa asilikali, simungangoterapo mmene mwafunira. Ndege yanu idzagona ku Chileka, ndipo ulendo uliwonse udzayamba ndi galimoto kudutsa ku Namadzi ndi Njuli.

Maganizo anga ndi akuti chaka chikubwerachi muzichita hayala ndege kwa kampani yokhala ndi AOC, muzilemba maola amene mwauluka ndi ndalama zimene mwalipira. Chaka chikatha, tengani mawerengerowo kwa akauntanti wanu, awayerekeze ndi mtengo wosunga ndege yanuyanu pamodzi ndi inshuwaransi, woyendetsa ndi ndalama yoika padera ya injini. Mukadzaona kuti kugula kukupindulabe, kalata yoyamba ipite ku Civil Aviation Authority, yachiwiri ku MRA, ndipo wogulitsa wa ku South Africa uja adikire mayankho onse awiri.