Kalasi igawike nthambi pa level iti? Yankho kwa wopanga masewero wa ku Chibavi

Kalata yabwera kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Iye ndi anzake asanu akupanga masewero awoawo a patebulo, aja oti mmodzi amayendetsa nkhani, enawo aliyense n'kutenga munthu wake wa m'nkhanimo, madayisi n'kumagamula zochitika. Funso lake ndi ili: "Tili ndi makalasi anayi: wankhondo, mlenje, sing'anga ndi wamalonda. Ma level ndi 10. Kalasi iliyonse igawika nthambi zitatu. Mlenje atha kukhala wa uta, wa agalu kapena wotchera misampha. Kodi nthambi asankhe pa level 1, pa 3 kapena pa 5? Timakumana Loweruka lililonse masana."

Kwa amene sakuwadziwa masewerowa: kalasi ndi mtundu wa ntchito ya munthu wa m'nkhani, nthambi ndi njira yapadera mkati mwa kalasiyo, ndipo level ndi sitepe yomwe munthuyo amakwera mphamvu zake zikamakula. Achimwene, mphamvu zenizeni za nthambi zibwere pa mkumano wachitatu kapena wachinayi, koma chilichonse chokhudza mbiri ya munthuyo chiyambe tsiku loyamba. Mwaona kuti ndatchula mikumano osati ma level, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Level si nthawi. Mu Dungeons & Dragons (D&D) ya 2014, masewero otchuka a mtundu womwewu, kuti munthu afike level 2 amafunika mapointi 300, level 3 mapointi 900, koma level 5 amafunika 6,500. Anachita dala kuti ma level awiri oyambawo adutse msanga ngati sukulu yophunzirira malamulo. Choncho mukamva kuti kumeneko nthambi zambiri zimabwera pa level 3, dziwani kuti ndi pakangotha mikumano yochepa chabe. Mukakopera nambalayo koma kwanu level iliyonse n'kumatenga Loweruka zitatu, osewera anu adikira mwezi ndi theka.

Tengani kalendala muwerenge. Tinene kuti masewero anu atenga miyezi itatu, yomwe ili ndi Loweruka 12 kapena 13. Chotsanipo za maliro, za ukwati, za mayeso kwa amene ali ku Mzuni, ndi zija mvula ya kuno imagwa kuyambira m'mawa wa kabaza n'kukana kulowa matope. Mwina mutsala ndi zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi. Nthambi ikabwera pa level 5 ndiye kuti theka la masewero latha mlenje wa agalu asanakhale mlenje wa agalu. Komanso osewera anu ndi asanu pomwe makalasi ndi anayi, ndiye awiri atenga kalasi imodzi, ndipo mapepala awo olembapo zomwe munthu wawo amatha afanana ndendende mpaka tsiku limenelo. Level 5 ichotseni m'maganizo.

Opanga masewero otchuka nawonso akhala akusinthasintha pa nkhaniyi. D&D yoyamba ya Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974 inali ndi makalasi atatu okha opanda nthambi. Ya 2008 inaika nthambi zotchedwa Paragon Path pa level 11 mwa ma level 30. Ya 2014 inasakaniza: makalasi a Cleric, Sorcerer ndi Warlock ankasankha pa level 1, Druid ndi Wizard pa 2, otsalawo pa 3. Pokonzanso mu 2024 anaika onse pa level 3. Pathfinder yachiwiri ya 2019, masewero ena ofanana ndi D&D, inalowera kwina, makalasi ambiri amasankha njira yawo pa level 1. Yoyenera kuiyang'anitsitsa inuyo ndi Shadow of the Demon Lord ya Robert Schwalb, ya 2015, chifukwa nayo imathera pa level 10: njira yoyamba pa level 1, yachiwiri pa 3, yomaliza pa 7.

Kusankha mochedwa kumaononga zinthu ziwiri. Choyamba ndi nkhani. Taganizani: gulu lalowa m'nkhalango yonga ya Chikangawa, chifunga chili tolo, wosewera mlenje akufunsa kuti, "Galu wanga wanunkhiza chiyani?" Woyendetsa akuyankha kuti galu kulibe mpaka level 3. Patapita Loweruka ziwiri, ali mkati mwa phanga, mapointi akwana, galu uja watulukira. Wachokera kuti? Chimodzimodzi sing'anga. Ngati nthambi zake ndi wa mizimu, wa zitsamba ndi mzamba, ndiye kuti gwero la luso lake ndi losiyana kuyambira pachiyambi. Wogwidwa ndi mizimu ya vimbuza si munthu amene anaphunzira mitengo kwa agogo ake, ndipo sangakhale mikumano itatu osadziwa kuti ali mbali iti. N'chifukwa chake mu 2014 Warlock, kalasi ya wamatsenga, ankasankha pa level 1: mphamvu zake zimachokera ku pangano ndi mzimu wina wamphamvu, ndipo pangano silikhala lopanda mwini wake.

Chachiwiri ndi manambala. Eldritch Knight wa mu D&D ndi wankhondo amene amayamba matsenga pa level 3, ndipo matsengawo amadalira Intelligence, nambala yoyesera nzeru za munthuyo. Wosewera watsopano amene tsiku loyamba anaika 8 pa Intelligence, poganiza kuti wankhondo safuna nzeru, amapezeka ali ndi -1 pa chinthu chomwe nthambi yake ikufuna. Lamulo apa ndi losavuta: nthambi zonse za kalasi imodzi zidalire nambala yomwe kalasiyo ikudalira kale. Ngati pali ina yofuna nambala yapadera, lembani zimenezo pa tsamba loyamba la kalasiyo.

Kusankha msanga nako kuli ndi minga yake. Munthu amene sanaponyepo dayisi ya mbali 20 mukamuyalira njira 12 patsogolo, amangosankha dzina lomveka bwino, kenaka n'kuzindikira kuti misampha imafuna kukonzekera pomwe iye amakonda kuthamangira kutsogolo. Vuto lina limabwera mukalola munthu kusakaniza makalasi. Mu 2017 kunabwera nthambi ya Warlock yotchedwa Hexblade, yomwe pa level 1 pomwepo imapereka chishango, zovala zankhondo ndi mwayi womenya ndi Charisma (nambala ya chikoka) m'malo mwa Strength (nambala ya mphamvu za thupi). Osewera ambiri a kalasi ya Paladin, wankhondo wodalira nambala ziwiri zonsezo, ankangotengako level imodzi ya Warlock n'kubwerera kwawo atanyamula zonsezo. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mukaunjika zabwino pa level 1, wa mapanga awiriyo ndi amene savumbwa, ndipo wokhulupirika ku kalasi imodzi amatsalira.

Ndiye gawani nthambi pawiri. Pa level 1 wosewera atchule nthambi yake n'kulandira kanthu kamodzi kakang'ono, kosapitirira +1 kapena kogwira ntchito kamodzi pa mkumano. Pa dayisi ya mbali 20, +1 amangowonjezera mwayi ndi 5 pa 100, moti palibe amene angadumphe kalasi kutsatira zimenezo. Mlenje wa agalu akhale ndi galu wake kuyambira tsiku loyamba, wokhala ndi dzina, wouwa usiku kukabwera chinthu, wopereka +1 pofufuza mapazi, koma osamenya nkhondo. Pa level 3 galuyo ayambe kuluma ndi kugwira mdani kuti asathawe. Pa level 6 pabwere chachikulu chomwe chimakometsa nthambiyo. Musachisungire pa level 9 kapena 10 ngati kalendala yanu ikuonetsa kuti simukafikako, mungotaya inki. Kuti level 3 igwe pa mkumano wachitatu, kwezani level imodzi pakutha pa mkumano woyamba ndi ina pakutha pa wachiwiri, kenaka muchepetse liwiro, level imodzi pa mikumano iwiri.

Pali njira yoyesera ngati nthawi yakwana. Mkumano wachiwiri ukatha, aliyense atembenuze pepala lake n'kunena pamtima zomwe munthu wake amatha kuchita. Ngati ambiri anena zonse, pitirizani. Ngati akufunsabe kuti aponye dayisi iti, kalasi yanu yachulukitsa zinthu pa level 1. Chotsani zina mpaka zitsale zitatu.

Lolaninso kusintha maganizo. Pathfinder ili ndi lamulo loti munthu aphunzirenso pa nthawi yopuma ya m'nkhani. Inu mutha kunena kuti kufikira level 4 kusintha nthambi n'kwaulere, kupitirira apo munthuyo apeze mphunzitsi m'nkhanimo ndipo ataye mwezi wathunthu wa m'masewero.

Kunena za ntchito yolemba, makalasi anayi a nthambi zitatuzitatu ndi nthambi 12. Iliyonse ikakhala ndi zinthu zinayi, pa level 1, 3, 6 ndi 9, ndiye zinthu 48 zofunika kulemba ndi kuyesa, osewera ali asanu. Yambani ndi nthambi ziwiri pa kalasi iliyonse ndipo mulembe mpaka level 6 basi. Zimenezo ndi 24. Awiri aja otenga kalasi imodzi muwapemphe asankhe nthambi zosiyana, chifukwa mukawaonerera pa tebulo limodzi ndi pamene mudziwe ngati nthambi ina ikupondereza inzake.