Sitima ya ku Nsanje musaiwerengere, achimwene

Achimwene, golosale mukufuna kumanga pafupi ndi siteshoni ya Sandama ija poyembekeza kuti sitima ibwerera, dikirani kaye mumve kwa ife amene tinkadyera njanji imeneyo.

Mwafunsa kuti inatha bwanji. Siinafe tsiku limodzi, inkaduka pang'onopang'ono kuyambira kumunsi. Njanji yochoka ku Nsanje, nthawi imeneyo ankati Port Herald, inafika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima inkachoka kuno mpaka ku Beira popanda kuwolotsa anthu ndi katundu pamadzi. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'ma 1980, ulendo wa ku Beira unathera pomwepo, ndipo mlathowo anauphulitsa mu 1986. Tinatsala ndi ya ku Nsanje. Mu 1997 madzi anakokolola njanji pa Mtayamoyo, pakati pa Chiromo ndi Bangula, sitima n'kuyamba kuthera pa Makhanga, opita kutsidya azikwera bwato. Kenako madzi a mu 2015 anadula njanji yotsalayo. Ndipo musadabwe kuti sinkakonzedwa msanga: katundu wa ndalama anali atasamukira ku njanji ya ku Nacala, yodzera pa Nkaya ndi Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Yathuyi inatsala ya nthochi, nandolo, chinangwa, nkhuku ndi milamba youma.

Koma inkatisunga. Ikachoka pa Luchenza imayamba kutsetsereka, Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani, Osiyana, Ruo ali kumanzere kwako, tsidya linalo Mozambique, mbali inayi phiri lili pawindo penipeni. Pobwerera yalemedwa, inkakwera mtunda mochita kukwawa. Kumeneko misewu ya dzinja mukuidziwa nonse. Wodwala, mwana wasukulu, mayi wageni, tonse tinali a m'mabogi omwewo, tikukhalira matumba.

Januwale wa 2015 nthochi zinali zitasowa chifukwa cha matenda a chisaka, ndiye ku Limbe mtengo unali wabwino. Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, n'kuphatikiza ndi mpamba wanga wonse, kukapikula mikoko kumidzi ya ku Thekerani. Ndinalipira anyamata kuisenza pamutu kutsikira nayo kusiteshoni. Mvula inayamba, yosakata usana ndi usiku. Ruo ankalira moti kuyankhulana kunali kokuwa, akudutsa ndi mitengo yathunthu, chimanga, denga la udzu, mbuzi yotupa. Tinali amayi angapo, tafunditsa nthochi ndi masamba ndi mapepala apulasitiki, ife tikunyowa. Mawu anabwera ndi anthu oyenda pansi kuti njanji yaduka, kwina dothi lagumukira, kwina zitsulo zangolendewera m'malere pansi palibe kanthu. Apo n'kuti nthochi zayamba kuyezuka, fungo lakupsa likumveka ukangovundukula.

Ndiye kunatulukira bambo wina wa lole kumtunda kumsika. Mpaka lero ndikamukumbukira m'mimba mumandiwotcha. Anatchula mtengo woposa wa sitima kutali, n'kunena kuti tilipiriretu yonse chifukwa akufuna kugula mafuta. Tikanatani? Tinasonkha. Tinalipiranso anyamata kukweza mikoko ija mtunda wonse uja, ena akuterereka nayo, mapava akuthyoka. Tinapakira, tinanyamuka chakumadzulo. Sitinapite patali lole inatitimira pachitunda, matayala akungozungulira kutiwaza matope kumaso. Iye akuti, “Amayi, tsitsani katundu galimoto ipepuke.” Tinatsitsa tokha, mumdima, kondakitala wake ali chiimire ndi tochi. Tinathyola nthambi, kutola miyala kuika kunsi kwa matayala, tinakankha, mnzanga wina ali ndi mwana kumbuyo. Lole inatuluka. “Ndikatembenukire kutsogoloku pouma,” n'kumapita. Tinayang'ana magetsi ake akukwera, kukhota, kuzimirira. Tinakhala pamenepo mpaka kunacha, tikumati mwina watitimiranso, mwina akubwera. Kubwera kuti! Kutacha, nthochi zili mbwee m'mbali mwa msewu, zina zaphwanyika, zina zikuthothoka zokha ukanyamula mkoko. Ndinagulitsako zochepa kwa amayi ophika kachasu pamtengo woti sindingaunene pano, zotsalazo ndinangouza ana a pamudzipo kuti tolani.

A banki m'khonde sindiwada, ndalama zinali za anzanga, anadzatenga mbuzi ndi malata amene ndinkasungira nyumba. Koma bambo uja ndinadzakumana naye ku Limbe pambuyo pake, lole yomweyo, akudya chipisi. Ndinamugwira malaya. Iye osachita n'manyazi omwe, “Mayi inu sindikukudziwani, muli ndi lisiti?” Lisiti! Munthu wotola ndalama za amayi pamvula n'kuwasiya kuthengo ndi mwana wakhanda. Anthu otere ndi amene anakondwa sitima itasiya, chifukwa tsiku limene inkayenda palibe ankawayang'ana. Ndipo ine zanga ndi zazing'ono, kunsi ku Makhanga madzi omwewo anatenga nyumba ndi miyoyo ya anthu.

Tsono achimwene, ndalama zanu musaziike pa mawu oti sitima ikubwera. Mawu amenewo tawamva kuyambira 1997. Njanji ili m'mphepete mwa Ruo, mapiri aja mitengo inatha, mvula yamphamvu ikagwa dothi limatsika basi. Munaona zimene namondwe Freddy anachita ku Thyolo ndi ku Mulanje mu 2023. Mangani golosale yanu kumsewu kumene anthu akudutsa lero. Komabe ngati malo a kusiteshoniwo akukugulitsani motchipa, musawasiye, gulani mudzalemo kaya nandolo, chifukwa tsiku limene sitima idzalire pa Sandama ine ndidzakhala woyamba kukwera ndi madengu anga, ndipo tiyi ndidzamwera kwa inu. A malole musawakhulupirire ngakhale mmodzi. Koma pezani wanu wodziwika kwawo, mfumu yake muziidziwa, popeza popanda iye katundu wa m'golosale simudzafikitsa dzinja. Ndalama muzimupatsa theka ponyamuka, theka katundu akatsika pakhonde panu, ndipo nambala ya galimoto muziilemba musanakweze ndi thumba limodzi lomwe.